Kodi Wailesi Ili ndi Makutu?

Mwa zinthu zonse zimene zinafika m'dziko muno m'masiku a Azungu, palibe chimene chinazolowerana ndi anthu msanga monga wailesi. Buku limafuna munthu wodziwa kuwerenga. Nyuzipepala imafuna msewu ndi galimoto kuti ifike kumudzi. Koma wailesi imangofuna khutu. Munthu woyenda mu Old Town ku Lilongwe, kuchokera pa depoti ya mabasi, kutsata msewu wa Malangalanga mpaka kumsika waukulu, amamva wailesi ikulankhula kwa telala, kwa wometa tsitsi, kwa wosoka nsapato ndi m'minibasi momwe. Ku City Centre ndi ku nyumba za mipanda za ku Area 10 ndi Area 43 ndi chimodzimodzi: bwana ali ndi yake m'galimoto, mlonda wa usiku ali ndi kake pachipata.

Chinthu chokhala pakati pa anthu chotere chiyenera kuyesedwa, kuti ubwino wake ndi zofooka zake zidziwike. Muyeso wake suli kutali. Makolo anali ndi malo okambirapo nkhani za mudzi, ndiwo bwalo. Pabwalo wodandaula amalankhula, woimbidwa mlandu amayankha, nduna zimafunsa, ndipo mfumu imalankhula pomalizira, itamva zonse. Mfumu yongolankhula, yosamva za anthu, sitchedwa mfumu yabwino, ngakhale mau ake atakhala aakulu ngati bingu. Wailesi nayo iyenera kuyesedwa ndi muyeso womwewo. Kuti ili ndi pakamwa aliyense akudziwa. Funso ndi lakuti: kodi ili ndi makutu?

CHIYAMBI CHAKE KU LUSAKA

Wailesi yoyamba kulankhula Chinyanja tsiku ndi tsiku sinali m'Nyasaland ayi, koma ku Lusaka. M'chaka cha 1941, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Boma la Northern Rhodesia linayamba kuulutsa mau kumeneko kuti anthu azimva za nkhondo ndi za asilikali awo. Mzungu wina dzina lake Harry Franklin, mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani za Boma, anaikulitsa ntchitoyi nkhondo itatha, mpaka inatchedwa Central African Broadcasting Station, yotumikira anthu akuda a m'maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland.

Vuto linali lakuti anthu analibe mawailesi omvera. Tsono m'chaka cha 1949 kampani ya Ever Ready ya ku England inapanga wailesi yotsika mtengo imene inatchedwa Saucepan Special, chifukwa thupi lake linali ngati sefuliya yopanda chogwirira. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake masheleni 25, ndipo batirelo linkatha maola ngati 300. Aphunzitsi, makalaliki ndi amuna obwera kuchokera ku migodi anayamba kuigula. Madzulo mudzi wonse unkasonkhana pakhomo pa mwini wake.

Chimene chinakopa anthu sichinali maphunziro a Boma onena za zimbudzi ndi migula m'minda, ngakhale anali ofunika. Chinali pologalamu ya makalata yotchedwa Zimene Mwatifunsa, m'mene munthu wa ku Wankie ankapereka moni kwa amake ku Dowa, napempha nyimbo. Analinso mau a Alick Nkhata, woulutsa mau ndi woimba, amene atate ake anachokera ku Nyasaland, ndipo ankabwezera anthu nyimbo zawo zomwe. Apa wailesi inaonetsa kuti ingathe kumva.

Koma mayeso anadza ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 anthu akuda asakuchifuna. Wailesi inali ya Boma, ndipo inalankhula zokomera Chitaganyacho, osapereka malo okwanira kwa otsutsa. Chotsatira chake chinali choopsa. Kunabuka mphekesera zoti ogwira ntchito pa wailesi ndi a banyama, ndiwo amene kuno amatchedwa anamapopa. Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito pa nyumbayo, anafotokoza zimenezi m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, la mu 1959. Phunziro lake ndi ili: anthu akaona kuti wailesi yatseka makutu pa chinthu chimene chikuwawawa, amaleka kuikhulupirira ngakhale pa zinthu zoona, ndipo mphekesera zimatenga malo ake.

M'MENE MAU AMAYENDERA

Kuti wowerenga aweruze bwino, ayenera kudziwa pang'ono za kayendedwe ka mau. Woulutsa amakhala m'chipinda chotsekedwa bwino, nalankhula pa maikolofoni. Mau ake amasandulika mphamvu ya magetsi, ndipo amatumizidwa ku makina aakulu amene kawirikawiri amakhala kunja kwa tauni, pa malo oyera. Makinawo amapanga mafunde osaoneka ndi maso, amene amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Mau amakwera pa mafundewo monga katundu amakwera pa ngolo.

Pali njira ziwiri zokwezera mauwo. Woimba ng'oma angathe kusintha mphamvu ya dzanja, pena kuomba kwambiri, pena pang'ono. Angathenso kusintha liwiro, pena kufulumira, pena kuchedwa. Njira ya AM imafanana ndi kusintha mphamvu, njira ya FM imafanana ndi kusintha liwiro. AM ndiyo yakale, ndipo imayenda pa mafunde otchedwa medium wave ndi short wave.

Pa medium wave mlongoti wonse wachitsulo ndiwo umatulutsa mafunde, ndipo nthawi zambiri umapitirira mamita 100 kutalika kwake. Pansi pake amakwirira mawaya a mkuwa otambalala mbali zonse ngati mizu ya mtengo. Masana mafunde amayenda motsata nthaka, nakwera mapiri ndi kutsika zigwa. Usiku kumachitika chodabwitsa: kumwamba kwambiri kuli mpweya wina umene umabweza mafundewo kudza pansi, monga khoma limabwezera mpira. Ndicho chifukwa chake dzuwa likalowa wailesi ya AM imagwira nyumba zoulutsira mau za m'maiko akutali zimene masana sizimveka.

Mphamvu ya makinawa imayesedwa m'makilowati. Makina a makilowati 50 amatulutsa mphamvu yofanana ndi mababu 500 a mawati 100 oyaka pamodzi, ndipo magetsi amene amadya ndi ochuluka kuposa pamenepo. Ku America nyumba ina yotchedwa WLW, mu mzinda wa Cincinnati, inaulutsa ndi makilowati 500 kuyambira 1934 mpaka 1939. AM ili ndi chilema chake: nthawi ya dzinja mphezi zimaichititsa kuthetheka, ndipo nyimbo sizimveka bwino. Koma mau a munthu wolankhula amapyola phokosolo. Chifukwa cha ichi m'maiko ambiri nyimbo zinasamukira ku FM, ndipo AM inatsala ya nkhani ndi zokambirana. FM imamveka mosalala, koma mafunde ake amayenda molunjika ngati kuwala kwa nyali. Phiri likatchinga, mau amathera pomwepo.

PAKAMWA PAMODZI M'DZIKO LONSE

Chitaganya chinatha mu 1963, ndipo mu 1964, chaka cha ufulu, kunakhazikitsidwa Malawi Broadcasting Corporation, mwachidule MBC. Likulu lake linakhala ku Chichiri mu Blantyre. Ngakhale Lilongwe anasanduka likulu la dziko mu 1975, likulu la wailesi silinasamuke. Ku Lilongwe kunakhala nyumba ya nthambi, ku Area 4 mu Old Town. MBC inkaulutsa pa short wave kuti ifike ponseponse, ndipo inaimika milongoti ya medium wave ku Lilongwe, Blantyre, Ekwendeni, Karonga, Mangochi, Bangula ndi malo ena. Kwa zaka zambiri anthu a m'chigawo cha pakati ankaipeza pa nambala 594.

Zabwino zimene wailesiyi inachita siziyenera kubisidwa. Mlimi wa fodya ndi mtedza anaphunzira pa Bwalo la Alimi ndi Ulimi wa Makono. Uthenga wa maliro unkafika kwa abale akutali tsiku lomwelo. Masewero monga Kapalepale, amene anatchukitsa Smart Likhaya Mbewe, ndi Pamajiga, anaonetsa anthu moyo wawo womwe: apongozi ovuta, amuna omwera malipiro, anyamata onyengedwa ndi tauni. Zokonda Amayi inapatsa akazi malo opatsirana moni, ndipo m'kupita kwa nthawi inabala magulu a amayi othandizana m'maboma ambiri. Munthu wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa, amene sanaonanepo, ankamva nkhani imodzi pa ola limodzi. Umenewu ndi umodzi weniweni, ndipo unatheka chifukwa cha mphamvu ya milongoti ija.

Koma muyeso wa bwalo ukaikidwa pa zaka zimenezo, wailesi ipezeka yoperewera. Kwa zaka 30 m'dziko munali wailesi imodzi yokha, ndipo nkhani zake zinkayamba ndi Dr. Kamuzu Banda ndi chipani chake. Mu September 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party, umene unachitikira ku Lilongwe, unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chilankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Nkhalamba ya ku Rumphi inatsala ndi wailesi yolankhula kwa iyo m'chilankhulo chimene siinakule nacho. Ngakhale olankhula Chichewa sanapulumuke onse, pakuti pologalamu ya Tiphunzire Chichewa inkagamula mau oyenera ndi osayenera, ndipo ambiri ankamva kuti kalankhulidwe ka kwawo ndi kolakwika.

Choipa choposa chinaoneka mu May 1983. Nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza. Boma linanena kuti inali ngozi ya galimoto, ndipo wailesi inabwereza mau omwewo. Panalibe wofunsa. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, bungwe lofufuza linapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa. Milongoti yamphamvu inanyamula bodza ndi liwiro lomwelo limene imanyamulira zoona, chifukwa chitsulo sichisankha katundu.

Pa 8 March 1992 m'matchalitchi munawerengedwa kalata imene mabishopu a Katolika analemba, yodzudzula kusowa kwa ufulu wolankhula. Wailesi ya Boma inaulutsa mau a odzudzula kalatayo, koma osati mau a oilemba. Pamenepo anthu anachita monga anachitira makolo awo m'masiku a Chitaganya: anaitembenukira msana. Usiku ankatseka zitseko, napotoza wailesi kufuna BBC ya ku London ndi wailesi ya ku South Africa, kuti amve za dziko lawo lomwe kuchokera kwa alendo. Mafunde a short wave safunsa chiphaso pamalire. Akulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri, ndipo chisankho cha pa 17 May 1994 chitachitika, Dr. Banda anavomera kugonja kudzera pa wailesi yomweyo. Tsiku limenelo aliyense anaikhulupirira, pakuti inanena chimene anthu anali atanena kale ndi mavoti awo.

OMVERA AYAMBA KUYANKHA

Kunja kwa dziko lino kunali kutabadwa kale mtundu wina wa wailesi, wongokambirana, m'mene omvera amaimba lamya nalankhula dziko lonse likumva. Ku America nyumba ya KABC ya ku Los Angeles inatsata njirayi kuyambira 1960. Amalawi a ku Johannesburg anaiona pa Radio 702, imene inayamba mu 1980 pa medium wave ndi nyimbo, kenaka inasanduka ya zokambirana m'zaka zomalizira za tsankho, azungu ndi akuda namatsutsana poyera.

Kuno zinthu zinasintha 1994 itapita. Chitumbuka chinabwerera pa wailesi, ndipo mu 1996 nkhani zinayamba kumveka m'Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, ndipo Chitonga chinadza pambuyo pake. Mu 1997 MBC inatsegula Radio 2 pa FM. Lamulo la mu 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA lopereka zilolezo, ndipo nyumba zimene si za Boma zinachuluka. Capital Radio ya a Alaudin Osman inayamba mu 1999 ku Blantyre, nitchuka ndi kufunsa akuluakulu mafunso olimba. Zodiak ya a Gospel Kazako inayamba mu 2005 ku Lilongwe, yolankhula kwambiri Chichewa, ndi pologalamu yake ya Tiuzeni Zoona. Mafoni a m'manja atafala, wogulitsa kaunjika pamsika anatha kufunsa nduna funso.

Chodabwitsa ndi chakuti pologalamu imene inaonetsa makutu akuthwa koposa inali pa MBC pomwepo, ndiyo Nkhani za M'maboma. Nkhani zake zambiri zinkachokera kwa omvera: za nyakwawa yogulitsa munda wa ana amasiye, za bwana womana wantchito malipiro, za mbusa wogwidwa ndi mkazi wa mwini, za ufiti. Anthu ena ophunzira ankaiseka kuti ndi nthabwala za anthu osadziwa. Koma Harri Englund, mphunzitsi wa ku yunivesite ya Cambridge amene anakhala pakati pa anthu a ku Chinsapo, pafupi ndi Old Town, anaonetsa m'buku lake la mu 2011 kuti m'nkhani zimenezi anthu osauka ankakumbutsa akulu udindo wawo. Maganizo amenewa ndi oona. Wakutsina khutu ndi mnansi. Komabe pologalamuyi inali ndi malire: inkatsina khutu la nyakwawa ndi la mphunzitsi, koma la nduna ya Boma inkaliopa.

Ndipo pa nyumba yomweyo, m'masiku a Pulezidenti Bingu wa Mutharika, kunamveka Makiyolobasi, pologalamu yonyoza atsogoleri otsutsa, iwo osapatsidwa mpata woyankha. Aphungu otsutsa, amene anali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo, anabwezera pomana MBC ndalama m'zaka za 2007 ndi 2008. Wovutika anali womvera, amene msonkho wake ndiwo umayendetsa wailesiyo. Pa 20 July 2011, anthu atachita zionetsero m'mizinda, ndipo ena ataphedwa, MACRA inaletsa mawailesi kuulutsa zochitikazo pa nthawi yomwe zinkachitika. Chizolowezi chotseka makutu sichifa msanga.

ZOFOOKA ZA BWALO LATSOPANO

Wowerenga asaganize kuti kuimba lamya pa wailesi kwathetsa mavuto onse. Pali zofooka zitatu zoyenera kuzitchula.

Choyamba, amene amalankhula ndi amene ali ndi foni ndi mayunitsi. Mau omveka kawirikawiri ndi a amuna a m'tauni, ndipo ena ndi omwewomwewo tsiku ndi tsiku. Mayi wa ku Mitundu amene wadzuka mbandakucha kudzagulitsa tomato pamsika wa Lilongwe amamvera, koma salankhula. Ndiponso zokambirana zikakhala m'Chingerezi, bwana wa ku Area 10 amatsutsana ndi mnzake wa ku Capital Hill, mlonda pachipata nangomva phokoso, ngakhale nkhaniyo ili ya mtengo wa chimanga chimene iye adzagula.

Chachiwiri, kulankhula si kudziwa. Pabwalo mboni imafunsidwa ngati inaona ndi maso ake. Pa wailesi munthu angathe kunena zakumva, ndipo zimafika kwa anthu zikwizikwi asanatsutsidwe. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Woyendetsa pologalamu ndiye ayenera kukhala nduna yofunsa kuti, "Mwaziona kuti zimenezi?" Akapanda kutero, wailesi isanduka msika wa miseche. Dziko la Rwanda linaona mu 1994 kuti wailesi yofesa udani ingathe kutsogolera anthu kukapha anansi awo.

Chachitatu ndi cha mafunde. Nyumba zatsopano zinasankha FM, pakuti makina ake ndi otsika mtengo ndipo amadya magetsi ochepa. Koma FM imafuna milongoti yambiri pa mapiri ambiri, ndipo mwini malonda amayamba kuimika kumene kuli ogula. Wailesi yakale ya AM, ngakhale inali yogontha, inkafika kwa msodzi panyanja, kwa mlimi kuseri kwa phiri, ndi kwa olankhula Chinyanja kutsidya kwa malire, ku Chipata ndi ku Angonia. Mphamvu, tsono, si chinthu chonyozeka. Bwalo limene anthu a kumapeto kwa mudzi sakulimva si bwalo la mudzi wonse.

CHIGAMULO

Kodi tsono wailesi ingathe kukhala ndi pakamwa ndi makutu pamodzi? Yankho linaoneka ku Lilongwe komweko. Chisankho cha Pulezidenti cha mu May 2019 chitatsutsidwa, mlandu unazengedwa pamaso pa oweruza asanu. Mawailesi anaulutsa mlanduwo monga unkachitikira, ndi omasulira m'Chichewa. Kwa miyezi ingapo anthu anamva mboni zikufunsidwa, maloya a mbali zonse akutsutsana, ndipo palibe mbali imene inatsekedwa pakamwa. Pa 3 February 2020 chigamulo chinawerengedwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo chisankhocho chinafafanizidwa. Anthu anabwereza kuvota pa 23 June chaka chomwecho. Ambiri amene sanalowepo m'khoti anamvetsa chifukwa cha chigamulocho, pakuti anali atamva okha mbali zonse ziwiri. Pamenepo wailesi sinaonjezere mau ake. Inangotsegula chitseko kuti dziko lonse likhale pabwalo.

Mbiri yonseyi, kuyambira pa sefuliya ya mu 1949, ikuphunzitsa chinthu chimodzi. Nthawi zonse pamene wailesi inamva anthu, anthu anaikonda ndi kuikhulupirira. Pamene inangolankhula za eni mphamvu, anthu anafuna zoona kwina. Makilowati amafikitsa mau kutali, koma sawasandutsa oona.

Womvera naye ali ndi ntchito yake. Akamva nkhani, adzifunse mafunso atatu: Wanena ndani? Kodi winayo wapatsidwa mpata woyankha? Kodi wailesi ina ikunena chimodzimodzi? Ndipo munthu amene waphunzira kulemba ali ndi chida chimene kale analibe. Angathe kulemba kalata kapena uthenga wa pafoni kupita ku nyumba youlutsira mau, kuyamika chabwino, kudzudzula cholakwika, ndi kufotokoza za mjigo wowonongeka kapena mlatho wokokoloka kwawo. Makutu a wailesi samera okha. Amatsegulidwa ndi anthu amene saleka kulankhula nayo.